Lona wa a Belmiro ndi Zenera la Dona Deolinda

Mu Vilar da Fraga monse simungapeze munthu wonena kuti a Belmiro Taveira anamupatsapo moni wa anthu. Ena mukakumana amafunsa za m'thupi, za ana, za mvula. Iwo ayi. Ankaima chapatali pang'ono, n'kupendeketsa mutu, n'kukuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato ngati munthu wogula nkhumba pamsika, kenaka n'kugamula:

"Anthu khumi ndi awiri."

Moni ndi ameneyo. Tanthauzo lake linali lakuti nyumba yako itapsa lero, iwe n'kudumpha pa zenera, pangafunike anthu khumi ndi awiri kuti akuwakhe. Mwana wa sukulu anali wa anthu asanu ndi atatu. Mayi woyembekezera ankamuwonjezera awiri, ndipo kangapo konse a Belmiro analengeza za pathupi mwini wake asanauze ndi mwamuna yemwe. A dokotala atabwera kutchuthi cha kunyanja, anawachingamira pa basi pomwe.

"Munapita muli wa khumi ndi awiri, bwana dokotala, mwabwera muli wa khumi ndi anayi. Nsomba mwawasiyirako anzanu kumeneko?"

Anali munthu wamfupi, wadazi, wa ndevu za pamlomo zopotana m'mbali, ndipo ntchito yawo yodyera inali yosoka zishalo za abulu. Koma mtima wawo wonse unali ku gulu la ozimitsa moto, limene analowa mu 1938 pamodzi ndi wometa tsitsi, wophika buledi ndi ena otero, anthu oti belu likalira amakusiya utametedwa tsaya limodzi. Anzawo ankalimbirana paipi ya madzi. Anyamata ankalowera chipewa chonyezimira chija, chifukwa cha atsikana. A Belmiro ankakonda lona, chinsalu chowakhira anthu odumpha m'nyumba zoyaka.

Lonayo anamusoka okha m'nyengo yozizira ya 1951, ndi zingano zomwe zija za zishalo. Anali wokhuthala, wozungulira, wotambalala moti ng'ombe ziwiri zikanagonapo osakhudzana. M'mphepete mwake munali zogwirira za chingwe khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pakati anapakapo penti yofiira kuti wodumpha adziwe polunjika. Poyesa anayamba ndi matumba a mbatata, anzawo akuwaponya kuchokera pakhonde la m'mwamba la nyumba ya ozimitsa moto. Koma sanakhutire.

"Thumba siliphupha," anatero. "Thumba silikuwa. Ndikufuna chinthu cha mantha."

Choncho Loweruka pa 8 Malichi 1952 anabwereka nkhumba kwa a Custódio opha nyama. Amuna anayi anaikweza masitepe ikulira ngati yaona mpeni. Inafika pa lona, inanjanja m'mwamba, inatera paphewa la wometa tsitsi, n'kuliyatsa liwiro kukalowa m'tchalitchi mmene amayi a kwaya ankaphunzira nyimbo za Pasaka. Akuti tsiku limenelo mayi wina anafika pa mawu okwera amene sanawafikenso moyo wake wonse. A Belmiro sanatembenuke n'komwe. Anagwada, anayendera msoko uliwonse ndi chala, n'kudzuka.

"Sanang'ambike. Tsopano anthu."

Kuyambira chaka chimenecho panakhala lamulo losalembedwa paliponse, koma lomveka kuposa a boma: aliyense wogona m'chipinda cha m'mwamba adumphire pa lona kamodzi pamoyo wake, pa 30 Juni, tsiku la Marçal Woyera, nkhoswe ya ozimitsa moto. Misa ikatha, oimba malipenga ankaima mbali ina, owotcha nsomba mbali ina, ndipo odumpha a chaka chimenecho ankakwera masitepe mmodzimmodzi.

"Tsiku la moto si tsiku lophunzira," ankatero a Belmiro. "Mwendo umene unadumphapo umakumbuka."

Zinafika poti mnyamata akafunsira mtsikana wa nyumba yosanja, apongozi asanafunse za munda ankayamba afunsa ngati anadumpha. Bambo Anselmo, wansembe wathu, anazemba zaka ziwiri, chachitatu anagwidwa, pakuti nawonso ankagona m'mwamba. Anaima pakhonde paja atafumbata mkanjo ndi manja awiri.

"Abambo, musatsogoze miyendo, muthyoka!" anafuula a Belmiro. "Khalani m'malere ngati mukukhala pampando wolapitsira. Matako ndiwo ayambe kufika!"

"Belmiro! Mawu amenewo pamaso pa akhristu?"

"Anawalenga ndi Mulungu, abambo. Ine ndangowapezera ntchito."

Wansembe anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunawagwetsa. Anafika bwinobwino, monga mwa malangizo.

Ogona m'mwamba onse anadumpha, kupatula munthu mmodzi: Dona Deolinda Sarmento.

Dona Deolinda anali mkazi wamasiye wa wogulitsa mankhwala, mayi wamtali, wathupi, woyenda ngati sitima yolowa padoko, wovala zakuda kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, magolovesi osachoka m'manja. Nyumba yawo inali yaitali kuposa zonse m'kanjira kopapatiza ka kuseri kwa tchalitchi. Pansi ankachititsa lendi, pakati panali chipinda chochezera chimene munthu sankachezamo, ndipo iwo ankagona pamwamba penipeni, kunsi kwa denga. M'mawa uliwonse akatsegula zenera kuti akutumule nsalu ya patebulo, ankapeza dazi lili pansi, likunyezimira, mwini wake akuyang'ana m'mwamba.

"Khumi ndi asanu ndi mmodzi, Dona! Inu ndinu lona yense, chogwirira chotsala palibe!"

"Mwadzuka bwanji nanunso, a Belmiro. Kodi abulu atha m'dziko muno, kuti muzilondera mazenera a akazi amasiye?"

"Juni wayandikira, Dona."

"Ayandikire. Ine ndinaleredwa ndi masisitere. Sindingaulutse siketi yanga pamaso pa tawuni yonse ngati mbendera."

"Timamanga chingwe m'maondo, Dona. Akazi a meya tinawatero."

"Akazi a meya anabadwira m'khola la mbuzi."

Zenera n'kutseka, pha! Mawa lake chimodzimodzi.

M'zaka za m'ma 1960 amuna anayamba kutha. Ena anatengedwa kunkhondo, ambiri anawoloka mapiri kupita ku France kukamanga nyumba za eni ake. Pofika 1965, a Belmiro akaitana ogwira lona ankabwera asanu, awiri mwa iwo a nyamakazi. Sanadandaule nthawi yaitali. Tsiku lina anakweza lona pa wilibala, n'kumukankha mpaka pochapira zovala pamene amayi ankasonkhana.

"Amayi inu, mabulangete aubweya amafinya ndani m'tawuni muno?"

"Ndife, nanga n'kukhala amuna athu a pa chithunziwo?"

"Ndiye manja muli nawo. Gwirani apa."

Anawaphunzitsa Lamulungu lililonse madzulo: kulowetsa dzanja m'chingwe, kuponda mwendo umodzi kumbuyo, kutsamira chagada, maso m'mwamba, osathawitsa mutu. Amene anaposa onse anali Arminda wogulitsa nsomba, mkazi wa mawu oti akaitanira malonda kumsika, amphaka a tsidya lina la mtsinje ankanyamuka. Ndiye vuto linagona pamenepo, chifukwa Arminda ndi Dona Deolinda anali asanalankhulane kuyambira pa 4 Epulo 1947, Lachisanu Loyera. Tsiku limenelo Dona ananunkhiza nsomba za Arminda pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Izi sizinagwidwe, zinafa ndi ukalamba." Arminda anati, "Ndiye tengani, Dona, muzikacheza nazo monga amsinkhu umodzi."

Za siketi zija zinali zongonamizira. Chimene chinkawasowetsa mtendere Dona Deolinda chinali china. Akasuzumira pa zenera n'kuona amayi akuyeserera pabwalo la tchalitchi, sankapezapo nkhope ngakhale imodzi imene anaisekererapo. Uyu anamukalipira chifukwa cha nkhuku, uyo anamusuntha pa benchi la kutsogolo nthawi ya Misa, winayo anamubwezera zochapa katatu. Ndani angadziponye m'manja mwa anthu otere? Pangofunika mmodzi yekha kumasula zala pang'ono, mawa n'kudzanena kuti chingwe chinaterera. Izi sanauzepo munthu. Pakamwa anali ndi chida china, ndipo m'mawa wina anachitulutsa kanjira konse kakumva.

"A Belmiro, mwadumphitsa wansembe, mwadumphitsa dokotala, ndi nkhumba yomwe. Inuyo munadumpha liti?"

 Zinali zoona, ndipo tonse tinkadziwa, kungoti palibe ankanena. Chaka china ankati msana, chaka china ankati wolamula sachoka pansi. Masitepe a nyumba ya ozimitsa moto anali asanawapondepo. Munthu wosoka zishalo, ngakhale pa bulu sankakwera, ankangomukoka ndi chingwe.

"Lamulo ndi la ogona m'mwamba, Dona," anatero akupotokola ndevu. "Ine ndimagona pansi."

"Chabwino. Tsiku limene mudzadumphe inu, ine ndili pambuyo panu."

Moto unabwera Lachisanu pa 17 Januwale 1969, nthawi ya nkhomaliro, ine mphunzitsi nditangowatulutsa ana a sukulu kuti akadye. Inali nyengo yopha nkhumba, ndipo banja la lendi lija linali litapachika masoseji pamwamba pa moto kuti alowe utsi. Mayi wa m'nyumbamo anathamangira kwa mnzake kukapempha mchere, nkhani n'kumukomera. Mafuta anadontha, moto unakwera ndodo zopachikira, ndodo zinayatsa matabwa a m'mwamba. Nyumba zathu zakalezi mukuzidziwa: kunja miyala, m'kati nkhuni zouma zokhazokha.

Amuna ochepa otsala aja anali kumsika wa ng'ombe tsidya lina la mtsinje, woyendetsa galimoto ya ozimitsa moto ali pomwepo. Ngakhale akanakhalapo, galimotoyo sinkalowa m'kanjira kaja. Belu analiza a Belmiro okha, kenaka anatulukira pakona ndi lona pa wilibala, akuthamanga ngati mnyamata. Amayi anabwera kuchokera kochapira manja ali thovu lokhalokha, ena kuchokera kukhitchini zipande zili m'manja. Arminda anataya dengu la nsomba pamsewu. Bambo Anselmo, atakalamba tsopano, anafika ndi nsapato za m'nyumba. Ine ndinagwira pakati pa Arminda ndi akazi a wometa tsitsi. Kuphatikiza a Belmiro, zogwirira zonse zinakwanira.

Utsi unali tolo. Pamwamba, pa zenera lija, panaoneka chinthu chakuda chachikulu.

"Dona! Khalani pa zenerapo, miyendo kunja!" anafuula a Belmiro.

"Bweretsani makwerero!"

"Safika, Dona, ndipo pakatipo moto ukutuluka kale!"

"Ndiye ndidikira amuna!"

"Amuna ali ku France!" anakuwa Arminda.

Dona anabwerera m'kati. A Belmiro anatulutsa mawu amene sindingawalembe, wansembe n'kuchita ngati sanamve. Anasiya chogwirira chawo, anaviika thumba m'ndowa, analifunda kumutu, n'kulowa pakhomo paja utsi ukutuluka.

Zimene zinachitika m'mwambamo tinazimva kwa Dona Deolinda eni ake, ndipo pa zaka zonse zimene anazifotokoza sanasinthepo liwu. Anali atakhala pa bedi, chipewa cha kutchalitchi kumutu, kolona m'manja. Anali ataganiza zofa mwaulemu. Chitseko chinatseguka ndi mphamvu, n'kulowa munthu wofunda thumba, ndevu za mbali imodzi zikufuka utsi.

"Mwalowa kuchipinda kwanga osagogoda, a Belmiro."

"Mudzandisumire mawa. Tiyeni, masitepe akadalipo."

Asanatseke pakamwa, kumbuyo kwawo kunamveka gubudu! Nyumba yonse inagwedezeka.

"Analipo," anatero Dona.

A Belmiro anatseka chitseko ndi mwendo, anawagwira Dona pamkono n'kuwakokera ku zenera, uku akulakatula malangizo onse: miyendo kunja, manja pachifuwa, chibwano pansi, osatsogoza mapazi. Pofuna kuwalozera pofiira paja, anasuzumira. Ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo, a Belmiro anaona lona wawo kuchokera m'mwamba. Anali kanthu kakang'ono ngati mbale ya mphaka.

"Ndi wochepa chonchi?"

"Mukufunsa ine? Munasoka ndinu."

"Zaka zonsezi anthu amadumphira pamenepo?"

"Ndi nkhumba yomwe. Tsogolani, paja tinapangana."

"Akazi poyamba, Dona."

"Ulemu mwaudziwa lero?"

A Belmiro anakanirira pomwepo. Manja awo anali atakumbatira thabwa la zenera, zala zili gwa, maso atatsinzina. Kenaka ananena motsitsa, ndi mawu amene Dona anali asanawamvepo:

"Pitani inu, Dona. Amayiwo agwira, ndinawaphunzitsa ndine. Ine sindingathe. Miyendo yafa."

Dona Deolinda anawayang'ana. Munthu woopa msana wa bulu anali atakwera nyumba yonse ikuyaka, kudzatenga mkazi amene anamunyoza m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anaonanso kuti akadumpha iwo poyamba, munthu ameneyu apsera pomwepa, atakumbatira zenera. Anaika kolona m'thumba. Anavula magolovesi, anawapinda bwinobwino. Kenaka anawagwira a Belmiro, dzanja limodzi pakolala, lina palamba.

"Matako poyamba, a Belmiro."

Ife pansi tinangoona kanthu kakubwera, miyendo m'mwamba, kakuitana amayi ake amene anamwalira mu 1931. Kanafika pofiira penipeni.

"Ameneyu n'ngopepuka ngati nkhuku yosadya," anatero Arminda. "Mchotseni msanga, katundu weniweni akubwera!"

Koma katunduyo sanabwere. Dona anakhala pa zenera, miyendo kunja, n'kuuma pomwepo. Kumsana kunkatentha, chitseko chinali chitayamba kulira. Pansi panali nkhope zija, zonse zikuyang'ana m'mwamba: wa nkhuku, wa pa benchi, wa zochapa. Anafunafuna imodzi yoti aidalire. Sanaipeze. Anaganiza zobwerera pa bedi.

"Iwe Deolinda!"

Popanda Dona, popanda chiyani. Anali Arminda, mitsempha ya m'khosi ili tong'o.

"Nsomba zanga zili mbwee pamsewu chifukwa cha iwe! Ukuyesa ndazitaya kuti ndidzaonerere maliro? Ndagwira, ndipo sinditaya! Ndikakutaya ndizidana ndi ndani? Tsika, nkhalamba iwe!"

A Belmiro anali atakwawa mpaka pa chogwirira chawo chija. Anaimirira, mawu n'kutuluka a masiku onse. "Kokani! Tsamirani kumbuyo! Maso m'mwamba! Dona, musayang'ane anthu, yang'anani pofiirapo!"

Dona anatiuza pambuyo pake kuti pofiirapo sanapaone n'komwe. Anayang'ana Arminda. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kukhala m'malere.

Panalibe nthawi yomanga chingwe m'maondo. Mphepo inachita zake, ndipo tonse tinaona: kunsi kwa zakuda zonse zija kunali pitikoti yofiira psuu, ya maluwa m'mphepete. Kenaka kulemera kunafika. Kunatikokera tonse pakati, mitu kugundana, maondo pamiyala. Lona anatsika, anatsika, kutsala pang'ono kukhudza pansi, n'kuima. Panalibe chala chimene chinamasuka. Dzanja la Arminda linathyoka pamfundo, koma zala zake anachita kuzitanyula ndi anthu pa chingwe chija zonse zitatha.

Dona anadzuka, anakonza chipewa, anatsitsa siketi. Sanathyoke paliponse. Anayang'ana gulu lonse mmodzimmodzi, akufunafuna mawu othokozera.

"Musavutike, Dona," anatero akazi a wometa tsitsi. "Ifenso mpweya watithera."

Za pitikoti amayi tinapangana pomwepo ndi maso okha. A Belmiro ndi wansembe analumbira kuti utsi unawalowa m'maso. Amuna atabwera kumsika, n'kuzimitsa zotsala, sanamve kanthu, ndipo ndikulemba lero chifukwa amene zikanawachititsa manyazi anagona kale.

Kwa miyezi iwiri dzanja la Arminda lili m'chikhakha, amene ankakhala pambali pake kumsika, kukulunga nsomba m'manyuzipepala atavala magolovesi, anali Dona Deolinda. Ankakanganabe tsiku lililonse, kungoti tsopano atakhala pa benchi limodzi. Makoma a nyumba anatsala chiimire, anakonza m'kati, ndipo pa 2 Meyi 1970 Dona anabwereramo. A dokotala anawalangiza kuti pa msinkhu wawo azigona pansi. Iwo anakweza bedi latsopano m'chipinda chomwe chija, kunsi kwa denga.

Mkangano wa m'mawa unapitirira, nkhani yokha ndiyo inasintha.

"Ndinadumpha, Dona, tawuni yonse inaona!"

"Munaponyedwa, a Belmiro."

"Ndinali nditanyamuka kale. Inu munangondiperekeza."

"Thabwa la zenera langa munapita nalo m'manja. Lili kuti?"

Pa 17 Januwale chaka chilichonse Dona ankatsika ndi botolo la vinyo ndi matambula awiri, n'kukhala nawo pakhomo, poti m'mwamba a Belmiro sanakwerenso. Chaka china, vinyo atafika pakati, Dona anafunsa chimene tonse tinkaopa kufunsa.

"Kodi munthu wa mantha ngati inu, za lonazi munazitenga kuti?"

A Belmiro anazunguza tambula nthawi yaitali.

"Mu 1929 ndinkaphunzira ntchito mumzinda. Nyumba ina inapsa, mtsikana anaima pa zenera. Tinalipo anyamata asanu ndi mmodzi pamsewu. Tinatambasula bulangete, n'kumuuza kuti dumpha, tagwira. Anatikhulupirira." Anamwa pang'ono. "Bulangete lilibe pogwira, Dona."

Dona anangowawonjezera vinyo, ndipo m'mawa mwake, kamodzi kokha m'mbiri ya kanjira kaja, anavomera kuti mwina a Belmiro anali atanyamuka kale.

Mu 1981 kunabwera akuluakulu ochokera kulikulu, n'kunena kuti nthawi ya malona inatha, kuti lona amavulaza odumpha ndi ogwira omwe. Sankanama, ndipo a Belmiro eni ake ankanena kuti nyumba ikatalika kupitirira ya Dona, lona ndi bodza. Anatibweretsera galimoto yofiira ya makwerero aatali odzitambasula okha. Tsiku loionetsa, malipenga akulira, inakafika pakamwa pa kanjira ka kuseri kwa tchalitchi n'kukanirira pakati pa makoma awiri. Inachita kutulutsidwa ndi ng'ombe. Tonse tinatembenukira kwa a Belmiro kudikira mawu. Iwo anangovula chipewa kulonjera galimotoyo, anakweza lona wawo pa wilibala, n'kupita naye kwawo. Kudumpha kwa pa 30 Juni kunathera pomwepo. Koma zingwe ankazipakabe mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo wilibala inkagona pakhomo, itayang'ana kumsewu.

Pa moto weniweni lona uja anawakha anthu asanu ndi awiri, kuwerengera mwini wake. Atatu mwa iwo anali ana, ndipo lero ali ndi zidzukulu ku France zimene sizinamvepo dzina la Belmiro Taveira.

A Belmiro anamwalira Lachiwiri pa 3 Novembala 1987, ali m'tulo, pa bedi limene analidula miyendo kalekale kuti lisatalike. Pa maliro panabuka mkangano, pakuti bokosi linali ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi zokha, pamene amayi ofuna kugwira anali chigulu. Anyamata ozimitsa moto, a yunifolomu, anayesa kunena kuti ntchitoyo ndi yawo. Arminda, ndodo m'manja, anangowayang'ana, iwo n'kupatuka. Amayi anasinthana pakona iliyonse mpaka kumanda, nkhalamba zokhazokha, ndipo bokosi silinapendekeke ngakhale pang'ono. Dona Deolinda anagwira kumutu, opanda magolovesi, ndipo anakana kusinthidwa.

Loweruka la sabata lomwelo Arminda anapita kukawazonda, n'kupeza anyamata awiri akutsitsa bedi pa masitepe, Dona ali pansi akulamula ndi ambulera.

"Iwe Deolinda, n'chiyani? A dokotala anakuuza zaka zonsezi ukukana. Maondo agonja tsopano?"

"Maondo ali bwino."

"Nanga?"

Dona anayang'ana kunja, pamiyala ya kanjira kaja.

"M'mwambamo ndinkagona chifukwa pansi panali chitsiru chija."

Arminda sanaseke. Anathandiza kuyala zofunda, ndipo pofika Khirisimasi nayenso anali atatsitsa lake. Kenaka akazi a wometa tsitsi, kenaka ena, popanda wouza mnzake. Langa linatsika chaka chotsatira. Galimoto yofiira ilipo, anyamata ake ndi akhama, ndipo sitikuwadandaula. Koma mukadzayenda m'tinjira tathu m'mawa, mudzakweze maso. Mazenera a m'mwamba onse ndi otseka, ndipo tawuni yonse imagona pansi.